Mawayilesi Aziika Nyimbo za Miyambi Masana

Mkonzi,

Ndikutsutsa maganizo akuti achinyamata athu pano pa Chipata samva nyimbo za miyambi ndi zining'a. Amamva ndithu.

Mlungu watha ndinakwera minibasi yopita ku Katete. Dalaivala anaika nyimbo yodzudzula mwamuna wosiya banja, koma woimbayo sanatchule mwamunayo. Ankangonena za fisi wolowa m'khola usiku. Kondakitala, mnyamata wa zaka ngati 20, ndiye anayamba kumasulira tanthauzo lake, amayi akumbuyo akuvomereza. Azimayi athu pa mtondo ankadzudzula chimodzimodzi, mawu obisika koma olasa.

Vuto ndi mawayilesi athu. Nyimbo zotere amaziika pakati pausiku. Ndikupempha aziziika masana, ndipo aziitana oimba kudzafotokoza mafanizo awo, ana asukulu azimva.

Wowerenga wanu,
Kapata, Chipata