Kalata yotseguka kwa Nduna ya Maphunziro: belu likalira, ana athu amatsala ndi ndani?

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mayi wa ana awiri a pasekondale yoyendera. Ndikulemberani za nthawi imene silembedwa pa ndondomeko ya maphunziro, kuyambira belu lomaliza mpaka mwana kufika pakhomo.

Mwana wanga wamkazi ankasewera mpira wamanja. Zokonzekera zinkatha dzuwa litapendeka, kwathu n'kutali, ndipo njira imadutsa m'minda ya chimanga. Tsiku lokasewera kusukulu ina, atsikana ankakwera lole imodzi ndi anyamata a mpira wamiyendo, mphunzitsi mmodzi yekha, wamwamuna, atakhala kutsogolo ndi dalaivala. Pobwerera usiku, kumbuyoko anyamata ena ankagwiragwira atsikana uku akuimba nyimbo zolaula. Atatiuza, bambo ake anangoti, "Mpirawo basi." Sindiwaimba mlandu, kholo lililonse lingatero. Koma onani mmene zathera: wolakwiridwa ali pakhomo kutsuka mbale, olakwawo akumwetsabe zigoli.

Mchimwene wake naye ali ndi zake. Analowa kwaya ndi kalabu ya zisudzo, anzake n'kumamunena kuti ndi mkazi. Anamumenyapo ali mu Fomu 1, ine n'kudzamva patapita miyezi, chifukwa tinamuphunzitsa tokha kuti mwamuna salira.

Malamulo alipo. Gender Equality Act ya 2013 imaletsa nkhanza zokhudza kugonana, ndipo nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere. Koma mwana ali pa lole usiku, alibe foni, aimbira ndani?

Scorchers itatenga chikho cha COSAFA mu 2023 tonse tinavina. Tabitha ndi Temwa Chawinga sanagwe kumwamba. Anayambira pa mabwalo afumbi ngati omwe atsikana athu akuwathawa lerowa. Choncho musatiyankhe poletsa masewero kapena makalabu. Mwana wa mu kalabu amakhala ndi anzake omuyankhulira komanso mphunzitsi womudziwa dzina, pamene wongoyenda yekha sasowa womuvutitsa.

Tumizani kalata kwa aphunzitsi aakulu onse ndi ku MASSA, bungwe loyendetsa masewero a m'sukulu: atsikana asanyamuke ulendo popanda mphunzitsi wamkazi, ndipo akhale nawo kumbuyo komweko. Komwe aphunzitsi aakazi kulibe, monga m'ma CDSS ambiri akumudzi, apite mayi wa Mother Group. Zokonzekera zizitha dzuwa likadali m'mwamba. Ndipo wogwira mnzake ndiye azichoka mu timu.

Ine,
Kholo la ku Ntcheu