Nthanda ndaiona pafupi

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse kumudziko. Ine kuno ndili bwino ndipo ntchito ikuyenda. Ndalemba kalatayi chifukwa mlongo wanga wandiuza kuti inu Mayi mwada nkhawa mutamva zoti ndimadzuka kusanache n'kukaima ndekha kuseri kwa nyumba. Mtima ukhale m'malo, sindikudwala. Chimene chimandidzutsa ndi telesikopu yaing'ono imene ndinagula kwa mnzanga wa kuntchito, chipangizo chonga paipi chokhala ndi magalasi, choimika pa miyendo itatu, chimene chimakuza zinthu zakumwamba.

Ndimatuluka cha m'ma 4 koloko mbandakucha, pamene mpweya umakhala utazizira ndi kudekha. Maso amafuna mphindi 20 kapena kuposerapo kuti azolowere mdima, ndipo munthu akangoyang'ana foni kamodzi kokha amayambiranso kudikira. Tsiku loyamba ndinabwerera m'nyumba osaona kanthu chifukwa mame anaphimba galasi lonse.

Bambo, ndinu amene munandionetsa Nthanda ndili mwana, n'chifukwa chake ndinayambira pa iyo. Nditailoza ndinayesa kuti chipangizo chawonongeka, pakuti m'malo mwa kadontho kowala ndinaona kanthu koyera kopindika ngati mwezi ukangokhala kumene. Nthanda si nyenyezi ayi, koma ndi pulaneti lotchedwa Venus, lalikulu pafupifupi ngati dziko lathuli, ndipo lilibe kuwala kwakekwake koma limangobweza kuwala kwa dzuwa. Popeza limazungulira dzuwa chapafupi kuposa ife, nthawi zina timaona mbali yochepa chabe ya nkhope yake yowalayo. Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti nyenyezi yowala ija imaoneka kumadzulo dzuwa likangolowa ndi Nthanda yomweyo. Imakhala miyezi ingapo madzulo, imasowa, kenako n'kutulukira m'mawa.

Pulaneti lina, Jupiter, ndi limene limandichedwetsa kuvala zopita kuntchito. Pambali pake pamaoneka timadontho tinayi tondondozana, imene ndi miyezi yake, ndipo katswiri wa zakuthambo dzina lake Galileo anaiona koyamba mu 1610 ndi telesikopu yofooka kuposa yangayi. Ndimajambula malo ake m'kabuku m'mawa uliwonse, ndipo mawa lake ndimapeza itasinthana malo, mwina umodzi utabisala kuseri. Wapafupi kwambiri, Io, umazungulira Jupiter masiku awiri asanakwane.

Vuto lake n'lakuti chimene waloza sichidikira. Ukangopita kukatenga pensulo umapeza chatuluka m'galasi, chifukwa dziko limene taimapoli likuzungulira, ndipo pamenepa m'pamene ndinakhulupirira ndi maso zimene aphunzitsi ankatiuza.

Magetsi a m'tauni muno amaphimba nyenyezi zambiri, moti mlalang'amba sindinauonepo chibwerereni. Choncho ndikamabwera ku tchuthi ndidzaitenga telesikopuyi kuti tidzaonere limodzi pabwalo, kumene mdima wake ndi weniweni. Ana muwauziretu kuti aliyense adzaonamo, koma palibe amene adzaloze nayo dzuwa, chifukwa kutero kumapha diso nthawi yomweyo.

Bambo, mukadzuka m'mawa sabata ino muyang'ane kum'mawa, ndipo mudzandiuze ngati Nthanda ikuwalabe monga kale. Mundiperekere moni kwa agogo ndi abale onse.

Ndine mwana wanu.