Kalata ya mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo

Chemwali,

Ndakusowa bwanji iwe. Uthenga wako wa pa WhatsApp uja ndinaumva kale koma ndimafuna ndikhale pansi bwinobwino ndikuyankhe, osati zija zolemba uli chiimire pa siteji ya minibasi. Kuno ku Area 25 tonse tili bwino, kungoti kutentha kwake eee, malata akuchita kulira thethethe masana, usiku ana akugona pa simenti opanda chofunda. Majakaranda achita maluwa mtauni muno, ndikudziwa ku Johannesburg kwanuko nakonso ndi nthawi yake, nde ukawaona uzindikumbuka.

Wandifunsa kuti tikukwanitsa bwanji ndi kudula kwa zinthuku, komanso kuti chigumu chija unkamaliza wekha kwathu ndimapanga bwanji. Ndiyankha pamodzi chifukwa kwa ine ndi nkhani imodzi.

Chitsitsireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira a botolo lalikulu ndinawaiwala, timagula oyeza basi. Koma tsiku lina nditakhala pansi kuwerengera ndinapeza kuti nyengo yotentha ino ndalama yanga siithera pa ndiwo kwenikweni ayi, imathera pa makala ndi pa zakudya zosasa. Uphike nyemba mmawa, uiwale kuzitenthetsa, pofika madzulo zachita thovu, wataya nyemba wataya makala wataya tomato. Filiji nayo siyodalira, mwezi watha magetsi anathima tsiku lonse ndi usiku womwe, nkhuku yomwe ndinasungira Lamulungu inanunkha, ndinatsala pang'ono kulira ndithu, bambo a ana kumangoti pepa pepa ngati pepayo tidyera nsima.

Nde pano lamulo langa ndi loti mbaula ndimakoleza kamodzi mmawa kusanatenthe, cha m'ma 5 koloko, moto umenewo ugwire ntchito zonse mpaka uthe. Nyemba ndimaviika usiku, mmawa kutaya madzi aja nkuthira ena, kuziwiritsa mwamphamvu mphindi 20 kapena 30, kenako poto wake wovindikira bwino ndimamukulunga mu bulangete lakale nkumuika mu dengu. Zimapitiriza kupsa zokha mmenemo, pofika 11 koloko zafewa, kwatsala nkukazinga ndi anyezi ndi tomato. Apongozi atabwera anandiseka kuti nyemba zafunda bulangete mu Okutobala, atalawa anangoti zii.

Masamba ndasiya kukazinga, ndimatendera. Mlamu wanga amalima mtedza ku Mchinji nde ananditumizira ndowa, ndimasinja pang'onopang'ono, ndipo ndimayamba ndasankha kaye, wofota ndi wachuku uja kutaya, usamaumirire ndi mtedza woola. Mpiru wotendera, kholowa, mfutso wa nkhwani umene ndinafutsa nthawi ya dzinja, zonse zimalowa. Kungoti zotendera sizichedwa kusasa kukamatentha chonchi, ndimaphika zongokwana nkhomaliro, poto atsukidwe. Madzulo ndi usipa wouma kapena bonya kapena ma soya pieces, zinthu zoti sizifuna filiji komanso zimapsa ndi timakala tochepa. Tomato timasonkherana ndi aneba awiri, mmodzi amalawirira ku Wakawaka kukagula wambiri nkudzagawana, amatsikako kusiyana ndi kugula timilu pa benchi tsiku ndi tsiku.

Tsopano chigumu chako. Chimabwera kumapeto, makala akayamba kuchita phulusa, chifukwa moto waukali umapsereza pansi mkati muli phala. Tenga nthochi 5 kapena 6 zakupsa kwambiri, zija zakuda makoko zomwe amayi a pamsika amagulitsa motchipa kuti zingowachoka, ndi zomwezo zotsekemera. Uzikanye mpaka zikhale ngati phala, thira makapu 3 a mgaiwa, kamchere, theka la kasupuni ka tiyi ka soda, shuga masupuni awiri okha kapena osathira nkomwe ngati nthochi zili bwino, mafuta pang'ono, nde madzi kapena mkaka pang'onopang'ono mpaka zikhale zoti ukatunga ndi chipande zikugwa mwaulesi, osati kuyenderera. Soda usachulutse chonde, chimawawa komanso chimafiira moipa. Ukakhala ndi dzira ponyamo, ukapanda palibe mlandu, agogo athu ankathira dzira liti.

Poto umupake mafuta, ine ndimayala tsamba la nthochi pansi kuti chisakakamire komanso kafungo kake kamakoma. Pa mbaula usiye makala owerengeka, ambiri uwaike pamwamba pa chivindikiro kapena pa kachidutswa ka lata. Moto wambiri pamwamba, wochepa pansi, nkhani yonse ndi imeneyo. Pakatha mphindi ngati 40 ubaye ndi kamtengo pakati, kakatuluka kouma chapsa. Osamangovundukula iwe, ndimakudziwa mtima wako. Kwanuko poti uli ndi uvuni ika pa madigiri 180, ndipo ufune ufa wokhakhala, woyera wosalala uja chimatuluka chouma ngati njerwa.

Chigumu chimodzi chimatikwanira tiyi wa mmawa ndi kutengera ana kusukulu, buledi ndimagula Loweruka lokha. Koma nachonso ndi nthochi zija sichigona masiku, tsiku lachitatu chimayamba kutanuka mkati, nde ndimaphika chaching'ono kawirikawiri. Zitumbuwa ndi mandasi ndapumira kaye, zimamwa mafuta ngati galimoto.

Zakumwa ndiye ana anandisautsa, aliyense akabwera kusukulu akufuna ndalama ya mafilizi. Ndinagula malambe, kuviika m'madzi owiritsa atazizira, kusefa, kashuga, magetsi akakhalapo ndimamanga m'timapepala nkuumitsa, akapanda timangomwa choncho. Wachisamba uja wayamba kugulitsako kwa anzake, akuti ndi geni yake, shuga wanga malambe anga phindu lake, waona ana a masiku ano. Thobwa ndimaphika kumapeto kwa sabata, kuika mu mtsuko pakona pozizira, bambo ake akabwera ku ntchito chikho chimodzi njala yagona mpaka nsima ipse.

Mango ayamba kuoneka a ku Salima koma akadali odula ndi osakhwima bwino, ndikudikira Novembala ndi Disembala pamene amachita kutayika, nthawi imeneyo sindivutika ndi zoti ana adya chani masana. Chaka chatha ndinayesa kuthira mango mu chigumu mmalo mwa nthochi, chinatuluka chonyowa pakati koma chinatha ndithu, chaka chino ndichepetsa madzi tione.

Ukaphika unditumizire chithunzi, ngakhale chipserere nditumizire ndiseke. Ukamabwera pa Khirisimasi usandivutikire ndi zambiri, thireyi yophikira makeke ija unanena ndi yokwana. Moni kwa alamu ndi ana, uwauze asaiwale Chichewa. Ndisiyire pompa, kamzime kadzuka ndipo ndikukamva kakusuzumira mu dengu la nyemba.

Ndine mnzako uja,
wa ku 25