Musamange injini ya Land Cruiser musanayeze

Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi anzathu amene agula ma Land Cruiser akale, aja amagulitsidwa pa okishoni mabungwe akathana nawo, ndipo akufuna kumasula injini pakhomo pawo. Ambiri mwa magalimotowa ali ndi injini ya dizilo ya 1HZ, imene Toyota idayamba kupanga mu 1990. Ili ndi masilinda 6 ondondozana, malita 4.2, ilibe turbo, ilibenso kompyuta. Munthu wodekha akhoza kuikonza yekha. Chotidandaulitsa n'chakuti ambiri amati achita ovaholo, kutanthauza kukonzanso injini yonse, pamene angosintha maring'i, mabeyaring'i ndi gasiketi popanda kuyeza kanthu. Pakapita miyezi ingapo galimoto iyambanso kufuka utsi, kapena inoka pachitunda, ndalama zonse n'kulowa m'madzi.

Musanagwire sipanala, tsimikizani kuti injini ikufunikadi kutsegulidwa. Utsi wakuda kawirikawiri umachokera ku ma injector (opopera dizilo m'injini) otha kapena fyuluta ya mpweya yotsekeka. Utsi woyera wam'mawa wokha, wotha injini ikatentha, umaloza ku ma glow plug, mapulagi otenthetsa m'silinda poliza injini yozizira. Zimenezi sizifuna ovaholo. Bwerekani geji yoyezera compression (mphamvu yopanikiza mpweya m'silinda) ya injini za dizilo, muchotse ma glow plug, muyeze silinda iliyonse injini ili yofunda. Injini yabwino imafika pa 37 kgf/cm², yotsika kuposa 27 ndiye yatha, ndipo masilinda asasiyane koposa 5. Compression ikakhala yotsika, oyilo akuchepa msanga, utsi uli wabuluu ndipo potsegula chotsekera oyilo pakutuluka mpweya wamphamvu, pamenepo masulani.

Kenaka funsani chomwe chidapha injiniyo, chifukwa chidakali pagalimotopo. M'misewu yathu yafumbi zakupha injini zazikulu ndi ziwiri. Choyamba ndi fumbi lolowera pa payipi ya mpweya yong'ambika kapena pa fyuluta yosakhala bwino. Fumbi likasakanizika ndi oyilo limapala silinda ngati sandipepa. Chachiwiri ndi kuwira: radiyeta yotsekeka ndi litsiro la madzi a pamjigo, fani imene clutch yake idafooka, kapena thermostat yomwe wina adachotsa poganiza kuti akuthandiza. Injini yatsopano yomangiriridwa ku radiyeta yakale yomweyo idzafa imfa yomweyo.

Pomasula, chilichonse chikhale ndi chizindikiro. Kapu ya conrod (ndodo yolumikiza pistoni ku crankshaft) imabwerera pa conrod yake yomweyo, moyang'ana mbali yomweyo, chifukwa zidaboolewa pamodzi kufakitale. Mukasinthanitsa, bowo silikhalanso lozungulira ndipo beyaring'i imapsa. Mavalavu alipo 12, iliyonse ndi kachibekete kake kokhala pamwamba pake ndi shim yake, kachitsulo kopyapyala kokonzera mpata. Tengani thireyi ya mazira, lembani manambala, muike chilichonse m'malo mwake. Mabawuti a hedi masulani injini itazizira, pang'onopang'ono, kuyambira m'mphepete kulowa pakati. Hedi yake ndi yachitsulo cholemera, anthu awiri anyamule.

Apa ndi pamene ntchito ya pakhomo imalekezera kaye. Buloko, crankshaft ndi hedi zipite kwa akatswiri a makina osema zitsulo, ndipo musagule chipangizo chilichonse asanakupatseni miyeso. Silinda ya 1HZ ikakhala yatsopano ndi 94 mm m'mimba mwake. Ikatha siitha mofanana: imakula kumtunda kumene ring'i imatembenukira, n'kusiya kamzere komwe chikhadabo chimakodwapo, ndipo imasanduka ngati dzira. Ring'i yatsopano yozungulira bwino singatseke bowo lotero. Injiniyi ilibe malayinala (mapayipi olowetsedwa m'silinda) ongozula, choncho silinda imaboolewa kukula ndi 0.50 mm. Gulani mapistoni a saizi imeneyo, muwapereke kwa woboolayo asanamalize, kuti asalaze bowo lililonse molingana ndi pistoni yake. Crankshaft nayo iyezedwe ndi micrometer. Ikakhala ndi mikwingwirima imasemedwa kutsika ndi 0.25 mm, ndipo mabeyaring'i ayenera kukhala a muyeso womwewo.

Hedi musaiyang'ane ndi maso okha. Pansi pake pali timakapu tachitsulo momwe dizilo amayambira kuyaka, ndipo injini ikawirapo, ming'alu imayambira pamenepo kapena pakati pa mavalavu. Akatswiri aja apopere madzi kapena mpweya m'njira zake kuti aone ngati ikudontha, ayezenso ngati idapindika. Kakapu kogwedera kasinthidwe, chifukwa kakasweka zidutswa zimagwera pa pistoni.

Kutsuka ndi gawo limene anthu amalipeputsa kwambiri, pamene ndi lotsika mtengo kuposa onse. Buloko ikabwera kosemedwa imakhala ndi timchenga ta mwala wosalazira m'timizere ta silinda. Palafini sachotsa zimenezi, amangozisuntha. Tsukani ndi madzi otentha, sopo ndi burashi, kenaka pukutani ndi nsalu yoyera yopaka oyilo pang'ono. Nsaluyo ikatuluka yotuwa, tsukaninso mpaka ituluke yoyera, mupake oyilo nthawi yomweyo dzimbiri lisanagwire. Njira zonse za oyilo, za m'buloko ndi za mu crankshaft, zipitidwe ndi kaburashi ndi mpweya. Pansi pa silinda iliyonse pali kapayipi kopopera oyilo kunsi kwa pistoni kuti izizire, ndipo kamodzi kakatsekeka pistoniyo imafufuma n'kugwira. Ngati injini idanoka, oil cooler imakhala itasunga tizitsulo, choncho itsukidwe mwapadera kapena isinthidwe. Kumasula mukhoza kuchitira pabwalo, koma kumanga chitirani m'nyumba yosesedwa, pansi powazidwa madzi. Kamvuluvulu mmodzi wa mu Okutobala ndi wokwanira kuipitsa zonse mwatsuka. Mukaweruka, phimbani injini ndi pulasitiki.

Pomanga, lowetsani ring'i iliyonse yokha m'silinda mwake, muikankhe ndi pistoni kuti ikhale mowongoka, muyeze mpata wa pakamwa pake ndi feeler gauge molingana ndi buku la injiniyo. Mpata ukachepa, ring'i ikatentha nsonga zake zimagundana n'kuthyoka. Mbali yolembedwa iyang'ane kumwamba, ndipo makamwa a maring'i asayang'anizane. Mpata wa oyilo pa mabeyaring'i uyezeni ndi Plastigage, kaulusi kapulasitiki komwe mumaika pa crankshaft youma, kumanga kapu, kumasula, n'kuona momwe kaphwanyikira. Makapu a main bearing pa 1HZ ndi chitsulo chimodzi chachikulu chomatidwa ndi silikoni. Pakani mochepa ndipo mumange msanga asanaume, chifukwa wochuluka amafinyikira m'kati n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo. Mukaika pistoni iliyonse, zunguzani crankshaft ndi dzanja. Ikalimba, lekani pomwepo mufufuze.

Torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti mu Nm, njosalephera kukhala nayo. Kumanga ndi payipi yoonjezera pa sipanala n'kumene kumadula mabawuti kapena kupinda hedi. Mabawuti a conrod amamangidwa 37 Nm, kenaka kuzunguza madigiri 90. A hedi ndi 69 Nm motsatira ndondomeko yoyambira pakati, kenaka madigiri 90, n'kubwerezanso ena 90. Dontho la penti pamutu pa bawuti limakuthandizani kuona kuti yazungulira bwanji. Mabawuti amenewa amatamuka akamangidwa, choncho yezani, ndipo oonda atayeni.

Gasiketi ya hedi sitigula mwachisawawa. Ilipo yokhuthala mosiyanasiyana, yodziwika ndi timano ta m'mphepete mwake, ndipo imasankhidwa poyeza ndi dial gauge momwe mapistoni atulukira pamwamba pa buloko. Yopyapyala kwambiri imachititsa pistoni kugunda, yokhuthala kwambiri imatsitsa compression galimoto n'kumavuta kulira m'mawa. Mpata wa mavalavu, injini ili yozizira, ndi 0.15 mpaka 0.25 mm kwa olowetsa mpweya, ndi 0.35 mpaka 0.45 mm kwa otulutsa utsi, ndipo umakonzedwa posintha shim. Lamba wa timing akhale watsopano pamodzi ndi tensioner yake. Mukalinganiza zizindikiro, zunguzani injini ndi dzanja kawiri konse, muonenso ngati zabwerera m'malo.

Ma injector ndi pampu ya dizilo zipite kokayezedwa pa makina. Nozzle (nsonga ya injector) yodontha m'malo mowaza imatenthetsa malo amodzi, ndipo ikhoza kung'amba kakapu kaja kapena kuononga pistoni yatsopano. Mawashala a ma injector akhale atsopano.

Tsiku loliza, thirani oyilo wamba wa injini za dizilo wa 15W-40, pafupifupi malita 10, kutsimikiza ndi dipstick. Chotsani waya wa solenoid yodula mafuta, muchotsenso ma glow plug, muzunguze injini ndi sitata mpaka nyali ya oyilo izime. Kenaka bwezerani, mupope dizilo ndi kapampu ka pa fyuluta kuti mpweya utuluke. Ikalira, onani ngati pali podontha, koma musaisiye ikungolira pamalo amodzi kwa maola. Maring'i amakhazikika injini ikamakoka, ndipo ikangolira chabe silinda imasalala ngati galasi n'kumadya oyilo mpaka kalekale. Yendani nayo mosinthasintha liwiro, osaisenzetsa matumba a chimanga kapena kuikakamiza pa giya yaikulu, kwa makilomita 1,000 oyamba, kenaka sinthani oyilo ndi fyuluta. M'radiyeta muikemo coolant wosakaniza ndi madzi oyera opanda mchere.

Ikatha sabata yoyamba m'fumbi, masulani payipi yochokera ku fyuluta ya mpweya kupita ku injini, mupititse chala m'kati mwake. Chala chikatuluka ndi fumbi, musayendenso mpaka mutapeza pomwe likulowera.

Amakaniko a injini za dizilo,
Lilongwe