Za mfumu imene inalamulira zaka zinayi zokha

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo kuzizira kwa kumeneko ukukuzolowera. Kuno tonse tili bwino, mayi ako akuti uziimbako foni.

Wati mupita kukaona mabwinja a Pliska, likulu lakale la Bulgaria. Ukandijambulire tchalitchi chachikulu chimene mfumu Boris inamanga, koma ukakumbukirenso mwana wake wachisamba, Vladimir, wotchedwanso Rasate. Mbiri imakonda kumudumpha, kuchoka pa bambo n'kugwera pa mng'ono wake Simeon.

Boris anabatizidwa cha m'ma 864 n'kulowetsa Bulgaria yense m'Chikhristu. Nduna zina zitaukira, anapha mabanja 52 a akuluakulu. Mu 889 anatula pansi ufumu n'kukakhala mmonke, mpando n'kusiyira Vladimir. Mnyamatayo sanachedwe. Anayamba kuzunza ansembe ndi kugwetsa matchalitchi, kufuna kubwezeretsa chipembedzo cha makolo. Anafulatiranso Byzantium, ufumu wachikhristu umene likulu lake linali Constantinople. Mu 892 analandira amithenga a Arnulf, mfumu ya Afulanki a kum'mawa, amene anadzapempha kuti anthu a ku Bulgaria asamagulitse mchere kwa a ku Moravia, adani a Arnulfyo. Mchere, mnzanga! Kumana mdani ndiwo zokoma n'kumene kunali ndale.

Mu 893 nkhalamba ija, Boris, inavula mkanjo wa umonke, n'kumanga lupanga m'chiuno. Inagwira mwana wake, kum'kolowola maso, n'kum'ponya m'ndende. Kenako inaitanitsa msonkhano ku Preslav, n'kulonga ufumu Simeon, amene anaphunzira ku Constantinople ndipo ankakonzekera ntchito ya mpingo. Likulu linasamuka ku Pliska kupita ku Preslav, ndipo m'matchalitchi Chisilavo chinalowa m'malo mwa Chigiriki. Zitatha izi Boris anabwerera kukapemphera ngati palibe chachitika, mpaka anamwalira mu 907.

Chondivuta ine n'chakuti nkhaniyi tinaimva kwa anthu a mpingo, monga Regino wa ku Prüm, amene anali mkulu wa amonke. Mlandu uwu anaweruza ndi a mbali imodzi. Sindikuti Vladimir anali wolungama, ayi. Koma sindikhulupirira kuti anali yekha. Ana a nduna zija anali asanaiwale magazi a abale awo, ndipo mfumu yatsopano inafunika anthu oigwira mkono. Woopsa kwambiri pa awiriwa ndimaona kuti anali bambo, wosiya mpando koma osasiya dziko.

Ulembe msanga, undiuzenso ngati ndalama ya lendi ikukwanira.

Ndine mnzako wa kale lomwe.