Kalata kwa Thoko, pa nkhani ya timadontho tofiira tija

Wokondedwa Thoko,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumba komanso ana. Ife tili bwino, kungoti takusowa.

Uthenga wako uja ndinaumvera katatu. Wati pofunafuna nyumba ina ku Atlanta, mnzako wa kuntchito anakuonetsa kaundula wa boma wa anthu amene anapezeka olakwa pa milandu yokhudza kugonana, ndipo utalemba dzina la msewu panatuluka mapu odzaza ndi timadontho tofiira, kadontho kalikonse munthu, nkhope yake ndi pomwe amagona. Wati usiku umenewo tulo sunatione, ndipo nyumba ija waikana. Sindikukudzudzula. Mayi wa mtsikana wa zaka 15 ndi mnyamata wa zaka 17 sangaone zimenezo mtima n'kukhala m'malo. Koma unandifunsa kuti ineyo ndikuganiza bwanji, ndiye ndakhala ndikuwerenga masiku onsewa, ndipo zimene ndapeza zandikwiyitsa mwanjira ina imene sindinkayembekezera.

Ndiyambe ndi kumene kaundulayo anachokera, chifukwa anachokera m'misozi yeniyeni. Mu 1989 mnyamata wa zaka 11, Jacob Wetterling, anabedwa ku Minnesota. Mu 1994 kamtsikana ka zaka 7, Megan Kanka, kanagwiriridwa ndi kuphedwa ku New Jersey ndi bambo wokhala tsidya la msewu, amene anali atamangidwapo kale pa milandu yotere, makolo osadziwa. Chaka chomwecho kunabwera lamulo loti zigawo zonse za America zikhale ndi kaundula, ndipo mu 1996 Bill Clinton anasainira lina loti anthu wamba azidziwitsidwa. Mu 2006 George W. Bush anasainira lachitatu, lotchedwa dzina la Adam Walsh, mwana winanso amene anaphedwa, limene linagawa olakwa m'magulu atatu: ena akhale m'kaundula zaka 15, ena 25, ena mpaka imfa. Ndani akanaimirira m'Nyumba ya Malamulo n'kukana lamulo lokhala ndi dzina la mwana wophedwa? Ngakhale ine ndikanakweza dzanja.

Tsopano tamvera za amene ankakweza manja aja. Mmodzi mwa aphungu amene analimbikira kwambiri lamulo la 2006 anali Mark Foley wa ku Florida, mtsogoleri wa gulu la aphungu loona za ana osowa ndi ozunzidwa. Lamulo linasainidwa mu July. Pofika kumapeto kwa September chaka chomwecho bamboyu anali atatula pansi udindo, zitadziwika kuti ankatumiza mauthenga olaula kwa anyamata achichepere amene anagwirapo ntchito yotumikira m'Nyumba ya Malamulo momwemo. Sanaimbidwe mlandu uliwonse. Pa mapu ako aja alibe kadontho.

Sipikala wa nthawi imeneyo anali Dennis Hastert, amene anakhala pampandowo kuchokera 1999 mpaka 2007. Uyu ndiye amandiimitsa mutu. Asanalowe ndale anali mphunzitsi ku Illinois, akuphunzitsanso anyamata masewera ogwetsana, ndipo ena mwa anyamatawo ankawachita zachipongwe. Zinaululika patapita zaka makumi angapo, osati chifukwa wina anafufuza za anawo ayi, koma chifukwa a banki anadabwa ndi mmene ankatapira ndalama. Anali atagwirizana ndi mmodzi mwa amene anawalakwira kuti amupatse madola 3.5 miliyoni kuti atseke pakamwa. Mu 2016 woweruza anamuuza pamaso kuti ndi munthu wogwirira ana mobwerezabwereza, koma chilango chinali miyezi 15 yokha, ndipo mlandu wake unali wophwanya malamulo a katapidwe ka ndalama. Wa anawo nthawi yake yoimbira inali itadutsa. Ife tinakula tikumva kuti mlandu suola. Kumeneko, mnzanga, unaola.

Usaganize kuti ndi chipani chimodzi. Awiriwa ndi a Republican, koma Anthony Weiner, phungu wakale wa Democrat, naye analamulidwa kukakhala kundende miyezi 21 mu 2017 chifukwa chotumizirana zolaula ndi mtsikana wa zaka 15. Ndipo Jeffrey Epstein, mpondamatiki amene ankadya ndi akuluakulu a mbali zonse, ataimbidwa milandu yokhudza kugonana ndi atsikana achichepere, mu 2008 anapangana ndi oimira boma pa milandu ku Florida, n'kukhala m'ndende pafupifupi miyezi 13, masana akuloledwa kutuluka kupita ku ofesi yake.

Manambala amenewo uwasunge, miyezi 15 ndi miyezi 13, chifukwa ndikufuna ndikuuze za mnyamata wa ku Georgia komweko kumene ukukhala. Dzina lake Genarlow Wilson. Usiku wolowera chaka cha 2004 anali ndi zaka 17, msinkhu wa mwana wakoyo. Pa phwando anachita zogonana za m'kamwa ndi mtsikana wa zaka 15, amene sananene kuti anakakamizidwa. Sindikuti linali phwando labwino, ndipo akanakhala wanga akanandiona. Koma mu 2005 anapatsidwa zaka 10 zosachotsera, kuphatikizapo kulowa m'kaundula. Chodabwitsa n'chakuti akanagona naye mtsikanayo mwanjira yodziwika ija, lamulo la Georgia likanautenga ngati mlandu waung'ono wosapitirira chaka, poti anali oyandikana misinkhu. Olemba lamulo anakumbukira khomo limodzi, n'kuiwala linalo. Anamunyengerera kuti avomere mlandu chilango chichepe, iye anakana, chifukwa kulowa m'kaundula kukanamuletsa kukhala nyumba imodzi ndi kamlongo kake. Aphungu anakonza lamulolo mu 2006, koma anakana kuti kukonzako kukhudze amene anali kale m'ndende. Anatuluka mu October 2007, khothi lalikulu la Georgia litagamula kuti chilangocho chinali chankhanza, ndipo ngakhale pamenepo oweruza anagawanika, anayi kwa atatu.

Mwana wa sukulu zaka 10, Sipikala miyezi 15. Ndawerengera mobwereza, sizikutuluka.

Izi zandifikitsa pa funso limene ndikufuna ulione bwino, poti likukhudza ana ako: kodi ku America mwana amasiya liti kukhala mwana? Ndayesa kufufuza yankho limodzi, palibe. Ku Georgia munthu wa zaka 16 amatengedwa kuti angathe kuvomera kugonana. Ukayendetsa galimoto maola awiri kulowera kumpoto n'kufika ku Tennessee, msinkhu ndi 18. Ku Florida 18, ku California 18, ku New York ndi ku Texas 17. Mtsikana yemweyo, nzeru zomwezo, wadutsa chikwangwani cha pamsewu n'kusanduka mwana. Pamwamba pa zimenezo pali lamulo la dziko lonse loti chithunzi chamaliseche cha aliyense wosakwana zaka 18 ndi mlandu waukulu. Ndiye kuti achinyamata awiri a zaka 17 amene lamulo la chigawo chawo silikuwaletsa kugonana, akatumizirana zithunzi pafoni akhoza kupezeka m'khothi, wojambulidwayo n'kukhala wolakwiridwa komanso wolakwa pa chithunzi chimodzimodzicho.

Tatenga mnyamata wakoyo. Kuvota sangavote mpaka 18. Mowa mpaka 21, kuchokera pa lamulo la 1984, ndipo fodya naye anamukweza kufika 21 mu 2019. Akuti ubongo sunakhwime. Koma usilikali akhoza kulowa lero lomwe iwe ukasainira, ndipo akapalamula, Georgia ndi chimodzi mwa zigawo zochepa zimene zimazenga wa zaka 17 ngati munthu wamkulu. Mpaka 2005 dziko la America linkalola chilango cha imfa kwa amene anapalamula ali ndi zaka 16 kapena 17. Ine ndikuona ngati msinkhu umasuntha potengera chimene boma likufuna kwa mwanayo. Likafuna kumumana kanthu, ndi khanda. Likafuna kumulanga kapena kumupatsa mfuti, wakula.

Nanga ukwati? Apa ndinaseka, koma kuseka kowawa. Chigawo choyamba kuletseratu ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 chinali Delaware, ndipo munali mu 2018, dzulodzuloli. New Jersey inatsatira chaka chomwecho. California, imene imati 18 pa kugonana, ilibe msinkhu wotsikitsitsa wa ukwati bola kholo ndi woweruza avomere. Choncho chinthu chimene chingamuike bambo m'kaundula, pepala la ukwati likhoza kuchiyeretsa. Amene amavutika ndi chitseko chimenechi kawirikawiri ndi atsikana okwatiwa ndi amuna akuluakulu, anthu enieni amene malamulo onsewa amati akuteteza.

Undimvetse, Thoko. Munthu wamkulu wogwirira mwana alangidwe, ndipo alangidwe kolimba. Malire a msinkhu ayenera kukhalapo, ngakhale tikudziwa kuti palibe amene amakhwima nzeru usiku wa tsiku lake lobadwa. Chimene ndikukana n'kuthira mumphika umodzi wogwirira ana wa zaka 50 ndi mnyamata wa zibwenzi za kusukulu, n'kuwapaka kadontho kofanana. Iwe poyang'ana mapu aja sunadziwe kuti uyu ndi uti.

Ndiponso kadonthoko sikathera pa mapu. Ku Miami analamula kuti anthu a m'kaundula asakhale pafupi ndi sukulu mtunda wosakwana mafiti 2,500, omwe ndi mamita pafupifupi 760. Mumzinda wothithikana choncho malo otsala anali ochepa kwambiri, moti kwa zaka zingapo mpaka 2010 gulu la anthuwa linkagona pansi pa mlatho wa Julia Tuttle, akuluakulu akudziwa. Tandiuza, munthu wopanda nyumba, wopanda ntchito, wopanda chotaya, ndi amene mwana wako ali naye pa mtendere? Khothi lalikulu la dzikolo linanena mu 2003 kuti kaundula si chilango, ndi dongosolo chabe. Akanakafunsa apansi pa mlatho aja. Chaka chomwecho nthambi ya boma yosunga ziwerengero za milandu inatulutsa kafukufuku wa omangidwa pa milandu yotere amene anatuluka mu 1994: amene anagwidwanso pa mlandu wa mtundu womwewo m'zaka zitatu anali 5.3 pa 100 alionse. N'zoona kuti milandu yambiri yotere siifika kupolisi, choncho nambalayo ndi yotsika kuposa zenizeni. Komabe ili kutali ndi zimene andale amalalikira pa kampeni. Mayi ake a Jacob Wetterling eniake, a Patty, amene anamenyera nkhondo lamulo loyamba lija, pambuyo pake anadzanena poyera kuti malamulowa apyola muyezo, makamaka pa ana.

Koma chimene chinandikhalitsa chete ndi ichi. Nthambi yomweyo inapeza mu 2000 kuti mwa ana ochitiridwa nkhanza zotere, 93 pa 100 ankamudziwa wowalakwirayo, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali wachibale. Achilendo anali 7 okha. Mapu amatiuza kuti tiyang'ane kunja kwa mpanda. Hastert sanali kunja kwa mpanda. Anali mphunzitsi wokondedwa, amene makolo ankamupatsa ana awo ndi manja awiri, kenako n'kumuvotera. Wandale kuloza chilombo cha kutchire n'kosavuta ndipo kumabweretsa mavoti. Kulankhula za malume, mphunzitsi, m'busa kapena phungu mnzake, pamenepo mawu amauma.

Za nyumba ija sindikuuza chochita, ndiwe ukudziwa mmene mtima wako unagundira. Ukafuna, bwereranso pa kaundulayo, utsegule dzina lililonse uone mlandu wake ndi chaka chake, m'malo mongowerenga timadontho. Koma chimene ndikukupempha kwenikweni n'choti ukhale pansi ndi mnyamatayo sabata ino. Umuuze za Genarlow Wilson, umuuze za zithunzi za pafoni, umuuze kuti kumeneko khothi limamuona ngati bambo ngakhale iwe ukumuona ngati mwana. Ndikudziwa kuti nkhani zotere zimatilemera pakamwa ife makolo, ndipo adzayang'ana pansi ngati wamutukwana. Mtsikanayonso umufunse za anthu amene amakhala nawo iwe kulibe, ngakhale amene umawakhulupirira, ndipo adziwe kuti akakuuza kanthu sudzayamba ndi kumukalipira.

Ukatero undiimbire, undiuze mmene zayendera. Wanga wamkuluyu akukwanitsa 14 mwezi wamawa ndipo inenso sindinayambe, ndiye mwina ndibera mawu kwa iwe. Upereke moni kwa bambo ndi ana.

Ndine mnzako,
Chisomo