Lipoti la kumsonkhano wa osewera achinyamata ku Lilongwe

Akochi, akomiti ndi osewera nonse, ndabwerako kuja munanditumaku. Zamalonje ndi zolankhula za alendo olemekezeka ndazisiya, ndingonena zotikhudza ife.

Nkhani yaikulu inali yoti wosewera azidziona ngati bizinesi, dzina lakelo ndiye katundu wake. Ena muholomo anamva ngati akutiuza tizijambulitsa titavala magalasi akuda nkumaponya pa Facebook, koma sizimenezo. Mayi amene amatsogolera zokambirana anati aliyense atulutse foni asake dzina lake, ndiye kunali kuseka kwake, mnyamata amene ndinakhala naye pafupi pa Facebook dzina lina, pa TikTok lina, pa khadi la ligi lina, pa chiphaso cha unzika linanso, nde munthu wosaka osewera akakuona pagemu nkukufufuza madzulo apeza ndani? Ifenso vutoli tili nalo, musandifunse maina. Zaka nazonso zikhale zimodzi paliponse, ku mpikisano wa CAF, bungwe la mpira mu Africa, wa osakwana zaka 17 (U17) amaunika fupa la padzanja ndi makina a MRI kuti aone zaka, ukagwidwa mbiri ya bodzayo imakutsata.

Pa mavidiyo anatikumbutsa chigoli cha Gabadinho Mhango chija anamwetsa Morocco ali kutali mu January 2022. Gemuyo Flames inaluza 2-1 koma chigolicho chinazungulira dziko lonse chifukwa kamera inalipo. Zathuzi zimathera pagalaundi pompo. Akuti pagemu iliyonse pakhale munthu mmodzi wojambula, foni aigoneke chammbali, aime pamalo okwera osati kuseri kwa golo pomwe masapota amavina, nambala ya jezi izioneka, ndipo kavidiyo kotumiza kwa anthu kakhale kafupi kopanda nyimbo zaphokoso. Otchinga kumbuyo ndi magoloboyi nanunso mujambulidwe, osati ogoletsa okha.

Panali bambo wina amene analimbikira zoti uzikhala ndi okutsatira ambiri pa intaneti, ine pamenepo sindinagwirizane nawo kwenikweni. Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ndi Kansas City Current nkusankhidwa wosewera wopambana onse, makampani ndi atolankhani anatsatira zigolizo. Nanga munthu wojomba kutereningi bandulo imuthandiza chani?

Gawo la loya ndiye linali lokoma. Malamulo a FIFA salola wosakwana zaka 18 kusaina kontirakiti yopitirira zaka zitatu, komanso kusamukira ku timu yakunja usanakwane 18 nkoletsedwa kupatula pazifukwa zochepa. Choncho munthu akakuimbira kuti tumiza ndalama ndikupezere matrayo ku Europe, auzeni akochi ndi makolo musanatulutse ngakhale tambala. Wa shopu akafuna nkhope yako pa chikwangwani mulemberane, ndalama zingati, kwa nthawi yaitali bwanji, achiika kuti, komanso ufunse kaye akomiti kuti zisawombane ndi amene amatigulira majezi. Zakubetcha pa mpira wosewera saloledwa, masilipi aja mumaika pa status lekani.

Lachinayi tikamaliza tereningi tisankhe wojambula ndipo tigwirizane za ndalama ya bandulo, aliyense abwere ndi chiphaso chake, opanda chiphaso setifiketi yakubadwa, tifananize ndi makhadi a ligi. Malisiti a thiransipoti ndapereka kwa amsungichuma.